Pikiapu imene inagona m'madzi: muizindikire musanapereke ndalama

Dandaulo lake limabwera mofanana nthawi zonse. Munthu wagula pikiapu yogwiritsidwapo kale ntchito, yooneka bwino, injini ikulira mokoma, mtengo wake wotsikirapo poyerekeza ndi zinzake. Miyezi itatu kapena inayi yoyamba palibe chovuta. Kenako galasi la chitseko chimodzi likukana kukwera. Amakaniko akonza. Sabata yotsatira nyali ya airbag, thumba lija limafufuma pa ngozi, yayaka pa dashibodi ndipo sikuzima. Pasanapite nthawi 4x4 ikukana kulowa, batire likutha lokha usiku, ndipo kukachita chinyezi mawaipa akuyenda popanda wowayatsa. Aliyense amene waigwira akupeza vuto lakelake, ndipo palibe amene akunama, chifukwa mavutowo alipodi onse. Chimene sichinanenedwe n'chakuti onsewo akuchokera pamodzi: galimotoyo inakhalapo m'madzi.

Vutoli limabwerezabwereza chifukwa galimoto zimene zamira sizifera pomwepo. Zina amaziphwanya, koma zambiri zimatsukidwa, kuumitsidwa, n'kutumizidwa kutali ndi kumene zinamirira, kumene wogula sangaganizeko za madzi osefukira. Ku America zinali choncho pambuyo pa mphepo yamkuntho ya Katrina mu 2005 ndi ya Harvey mu 2017, pamene galimoto zambirimbiri zinamira ndipo ogula a m'madera akutali ankachenjezedwa kuti asamale. Opanga galimoto eniake amadziwa kuopsa kwake. Madzi atasefukira ku Thailand mu 2011, fakitale ya Honda ku Ayutthaya inamira, ndipo kampaniyo inaphwanya galimoto zatsopano zoposa 1,000 m'malo mozikonza n'kugulitsa. Ngati amene anaipanga galimotoyo, wodziwa kumene waya aliyense amadutsa, anaona kuti kuli bwino kuiphwanya, ndiye munthu wongokhala ndi payipi ya madzi, sopo ndi mafuta onunkhiritsa wakonza chiyani?

Kudutsa pamadzi n'kosiyana ndi kugonamo

Pikiapu ndi yovuta kuiweruza kuposa galimoto yaing'ono. Galimoto yaing'ono mukaipeza ndi matope kunsi mumadabwa. Pikiapu matope ndi ntchito yake, ndipo opanga amatchula ngakhale kuya kwa madzi amene ingadutse: Toyota Hilux ya masiku ano mamilimita 700, Ford Ranger mamilimita 800. Wogulitsa wochenjera amabisala pamenepa. Mukamuonetsa dothi amakuyankhani kuti iyi ndi pikiapu, yayenda m'misewu yoipa, mumafuna ikhale bwanji? Ndipo nthawi zina amakhala akunena zoona.

Koma ziwerengero zimenezo zikunena za kudutsa pang'onopang'ono kwa kanthawi kochepa, osati kuima m'madzi usiku wonse. Galimoto imene ikudutsa, madzi amangoinyambita n'kutsika. Imene yaima, madzi amapeza nthawi yolowera m'timabowo ta pansi pa zitseko ndi m'mphepete mwa mphira, mpaka a mkati afanane ndi a kunja. Akakhazikika, dothi losalala limene anyamula limatsikira pansi modekha n'kumata paliponse pamene afika. Akamaphwera amasiya mzere, ngati umene umatsala m'chidebe chimene munali madzi akuda.

Choncho funso si lakuti kodi ili ndi matope. Funso n'lakuti madzi anafika pati, ndipo anakhalapo nthawi yaitali bwanji. Matope a pamsewu ndi owazika, ochindikala, ndipo mungathe kuona kuti anachokera kumatayala. Dothi la madzi osefukira ndi losalala ngati phulusa, loyalika mofanana, ndipo limapezeka pamwamba pa zinthu zoyang'ana m'mwamba, kumalo kumene tayala silingaponyeko kanthu. Mukamvetsa kusiyana kumeneku, zina zonse n'kungodziwa kumene wotsuka safika.

Tengani tochi yowala bwino, kagalasi kakang'ono kodziyang'anira, nsalu yoyera, ndi zovala zimene simudandaula kugona nazo pansi. Pitani masana, ndipo muuzeni wogulitsa kuti asalize injini musanafike. Mukapeza zitseko zonse zili pululu ndipo injini ndi yotentha, musafulumire kuganiza zoipa, komabe muzisunge mumtima.

Mkati: yambani ndi mphuno

Tsekani zitseko ndi magalasi onse, muisiye padzuwa kwa mphindi khumi kapena kuposerapo, kenako tsegulani chitseko chimodzi n'kulowetsa mutu pafupi ndi pansi. Fungo la nkhungu, lofanana ndi la chovala chimene chinapindidwa chisanaume, silitha msanga m'galimoto imene inamira, chifukwa limachokera m'siponji ya mipando ndi m'nsalu yochindikala ya pansi pa kapeti. Fungo lamphamvu la zonunkhiritsa nalonso ndi uthenga. Yatsani fani, muyese mpweya wozizira ndi wotentha womwe, mumve chimene chikutuluka m'mapaipi ake.

Kenako kokani lamba wa pampando mpaka kumapeto kwenikweni. Onse, ngakhale akumbuyo. Apa ndi pamene ndimayambira ine nthawi zonse, chifukwa apa ndi pamene ndinaonera koyamba galimoto yomira. Ndinaperekeza m'bale wanga kukaona pikiapu ya zitseko zinayi, yotsukidwa bwino kwambiri, kapeti yatsopano, mipando yonyezimira. Chikomekome cha nkhuyu. Nditakoka lamba wa dalaivala, kuchiyambi kwake anali wakuda bwinobwino, koma chakumapeto anatuluka ndi mabanga a khofi, wouma gwa, ndi timadontho ta nkhungu. Chozungulira chimene chimakulunga lambayo chimakhala m'munsi mwa mzati wa pakati pa zitseko, ndipo madzi akafika pamenepo lamba amaumira chikulungire. Wogulitsa uja anati mwina ana anathirapo chakumwa. Malamba onse anayi anali chimodzimodzi.

Kankhirani mipando kutsogolo ndi kumbuyo mpaka polekezera, muunike njanji zake ndi mabawuti amene amaigwira. Yang'anani kunsi kwa mpando, kumene kuli masipuling'i ndi zitsulo zosapakidwa penti. Gonani chagada muunike kuseri kwa dashibodi, pamwamba pa mapedulo, pa chitsulo cha chiwongolero ndi pa zitsulo zogwira dashibodiyo. Zitsulo zimenezi nthawi zambiri sazipenta chifukwa sizimayenera kukumana ndi madzi. Kadzimbiri kopepuka kongodera pamwamba kamapezeka ngakhale m'galimoto yabwino ya kumalo achinyezi. Chimene mukufuna ndi dzimbiri lokhuthala, lofundukafunduka, makamaka limene likulekeza pa msinkhu umodzi, kunsi kofiira, kumwamba koyera. Umenewo ndiwo mzere uja. Onaninso mitu ya mabawuti a mipando. Ngati ikuoneka kuti inagwidwapo ndi sipanala, funsani chifukwa chimene mipando inachotsedwera, poti palibe amachotsa mipando yonse kuti angosesa.

Pikiapu zambiri zogwirira ntchito pansi pake amayala mphira m'malo mwa kapeti. Mphira amapusitsa kwambiri. Pamwamba amauma m'mphindi zochepa, koma kunsi kwake amasunga chinyezi kwa miyezi. Tukulani pulasitiki wa pakhomo pa chitseko, mulowetse dzanja kunsi, mufinye nsalu imene ili pamenepo. Mukatulutsa zala zili ndi mchenga wosalala, mwapeza yankho. Pa ya zitseko zinayi, tukulani mpando wakumbuyo ndi chotsamira chake. Kumeneko kumakhala jeke, sipanala ya matayala ndi timabokosi tosungira zinthu, ndipo otsuka ambiri amaiwalako. Jeke wa dzimbiri lokhalokha m'galimoto yoyera mkati ndi mboni yabwino. Buku la galimoto lokhala ndi masamba okwinyika ndi omatana, kapena kusowa kwa mapepala onse a m'kabokosi ka pa dashibodi, nazonso zimanena kanthu.

Kapeti yonyowa yokha si umboni

Apa ndikufuna tichite chilungamo, chifukwa ndaonapo anthu akusiya galimoto yabwino chifukwa cha vuto laling'ono. Madzi amalowa m'galimoto m'njira zambiri zosakhudzana ndi kusefukira.

Ngati kwanyowa kutsogolo kokha, kumapazi a wokwera, ndipo madziwo ndi oyera opanda fungo, kawirikawiri ndi kapaipi kotayira madzi a makina oziziritsira mpweya kamene katsekeka. Ngati madziwo ali ndi mtundu, akuterera m'zala ndipo akununkhira motsekemera, ndi kulanti, madzi oziziritsa injini, amene akudontha kuchokera ku karadiyeta kakang'ono ka hita kamene kali kuseri kwa dashibodi, ndipo galasi lakutsogolo limachita nthunzi yamafuta mukayatsa hita. Masamba a mitengo akatseka ngalande za pansi pa mawaipa, madzi a mvula amasefukira mkati. Pa pikiapu palinso malo awiri odziwika: mphira wa galasi lakumbuyo, ndi nyali yachitatu ya mabuleki imene pa mitundu ina imakhala pamwamba pa denga chakumbuyo. Izi zikamadontha, banga limayambira kumwamba n'kutsetsereka, ndipo nsalu ya kudenga imaonetsa.

Kusiyana kwake n'koonekeratu mukadekha. Kudontha kumanyowetsa mbali imodzi, kumachokera kumwamba, ndipo madzi ake alibe dothi. Kumira kumachokera pansi, kumafika mbali zonse mofanana, ndipo kumasiya mchenga.

Magetsi, kumene vuto limabisala nthawi yaitali

Injini yomira imakonzeka kapena kusinthidwa. Chimene chimasautsa zaka ndi mawaya. Waya wa m'galimoto ndi tingwe tambiri ta mkuwa topotana mkati mwa pulasitiki, ndipo madzi akafika kumapeto kwake amakwera pakati pa tingweto ngati mmene mafuta amakwerera m'chingwe cha nyali. Amatha kuyenda mtunda ndithu kuchoka pamene anamirira, ndipo sauma msanga poti alibe potulukira. Mkuwa umayamba kudyeka pang'onopang'ono. N'chifukwa chake galimoto imayenda bwino tsiku logula, n'kuyamba misala patapita miyezi. Wogulitsa akamati zonse zikugwira ntchito, mwina akunenadi zoona za tsiku limenelo.

Tsegulani bokosi la mafyuzi la mkati, limene nthawi zambiri limakhala m'munsi chakumapazi, ndi la pansi pa boneti. Injini ili chizimire, zulani fyuzi imodzi kapena ziwiri muone miyendo yake. Iyenera kukhala yowala. Unikani makonekita, timapulagi tolumikizira mawaya, amene ali kunsi kwa mipando ndi kuseri kwa mapulasitiki a kumapazi. Ufa wobiriwira kapena woyera pa mano a konekita ndi chizindikiro chimene sindichinyalanyaza konse. Makonekita achikasu ndi a airbag. Amenewo muziwayang'ana ndi maso okha, musawazule. Konekita imene yapakidwa girizi watsopano kapena yonyowa ndi mankhwala opopera, pamene zinzake zakumtunda zili zouma ndi fumbi lakale, ikukuuzani kuti wina anadutsamo posachedwa.

Chimene chimandidetsa nkhawa koposa n'chakuti pa galimoto zambiri kompyuta ya airbag imakhala pansi penipeni, pakati pa mipando yakutsogolo, chifukwa ndi pamene imamva bwino kugunda. Ndiye kuti madzi ongofika m'akakolo mkati mwa galimoto akhoza kuifikira. Galasi likakana kukwera mumadziwa tsiku lomwelo. Airbag ndi zomangitsa malamba pa nthawi ya kugunda zikakana, mumadziwa tsiku la ngozi.

Tembenuzani kiyi mpaka nyali za pa dashibodi ziyake, musalize injini. Nyali zonse zochenjeza ziyenera kuyaka: ya injini, ya airbag, ya ABS, ya oyilo, ya batire. Ya airbag imazima yokha pakapita masekondi angapo. Anthu ambiri amangoyang'ana ngati pali nyali imene yatsala yoyaka injini italira, koma choopsa kwambiri ndi nyali imene sinayake n'komwe pachiyambi. Imeneyo mwina wina anaichotsa kapena kuimata. Ngati simukudziwa nyali zimene ziyenera kuoneka pa mtundu umenewo, onani m'buku lake musanapite.

Kenako yesani chilichonse chimene chili ndi batani, ndipo muchiyese kangapo: magalasi onse, maloko, magalasi a m'mbali, mawaipa pa liwiro lililonse, hutala, maindiketa, kamera yakumbuyo, wailesi. Masipika a m'zitseko ali m'munsi ndipo amamira msanga, choncho akamalira mosasa kapena kukhala chete, kumbukirani. Lowetsani 4x4 ndi kuitulutsa. Pa pikiapu zambiri za masiku ano ntchito imeneyi imachitidwa ndi timota tamagetsi timene tili kunsi, pa transfer case (bokosi logawa mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo) ndi pa difu yakutsogolo (bokosi la magiya la pakati pa matayala awiri), ndipo madzi akalowamo nyali yake imangophethira osakhazikika.

Musagule musanailumikize ku kompyuta yoyezera. Polumikizira pake, potchedwa OBD, pa mano 16, pamakhala pansi pa chiwongolero, ndipo naponso mupaunike ngati pachita zobiriwira. Pemphani amakaniko ayeze makompyuta onse a galimotoyo, osati ya injini yokha. Makhodi oyamba ndi P ndi a injini ndi magiya, a B ndi a bodi, a C ndi a zinthu monga mabuleki, ndipo a U amatanthauza kuti makompyutawo akulephera kulankhulana. Khodi imodzi ya U ikhoza kubwera chifukwa cha batire lofooka. Koma makhodi ambirimbiri osagwirizana, omwazika m'zigawo zosiyanasiyana, ndi mmene galimoto yomira imaonekera pa sikirini. Ndipo ngati mulibe khodi ngakhale imodzi, funsani ngati mayeso amene injini imadziyesa yokha ali okwanira. Makhodi akafufutidwa posachedwa, mayesowo amabwerera pa chiyambi ndipo amaonetsa kuti sanathe, kufikira galimoto itayendanso maulendo angapo.

Oyilo, injini ndi madifu

Solani chitsulo choyezera oyilo, mupukute pa nsalu yoyera. Oyilo wosakanikirana ndi madzi amaoneka wotuwa ngati mkaka wothira m'khofi. Koma samalani pa zinthu ziwiri. Choyamba, kathovu kochepa kunsi kwa chivundikiro cha pothirira oyilo kamapezekanso pa galimoto yoyenda maulendo afupiafupi, ndipo gasiketi ya hedi ikapsa imaonetsanso chimodzimodzi. Chachiwiri, oyilo wa injini ndi amene aliyense amasintha asanagulitse. Mukamupeza woyera, simunaphunzire kanthu.

Amene amaiwalika ndi oyilo wa kunsi. Difu yakumbuyo, difu yakutsogolo, transfer case ndi giyabokosi, chilichonse chili ndi kabowo kapena kapaipi kopumira, kuti mpweya wa mkati uzituluka ukatentha. Difu yotentha ikalowa m'madzi ozizira, mpweyawo umafota mwadzidzidzi n'kuyamwa madzi kudzera popumirapo kapena m'masilu. Galimoto ikaima m'madzi nthawi yaitali, amalowa ngakhale ili yozizira. Pemphani kuti amasule bawuti yothirira oyilo pa difu, muviike chala. Oyilo wabwino ndi woonekera, wa mtundu wa uchi kapena woderapo. Wotuwa, wa thovu, kapena wofiirira ngati matope, ndiye kuti muli madzi. Izi zokha sizitsimikiza kuti galimoto inamira, chifukwa yowoloka mitsinje kawirikawiri imachitanso zomwezo, komabe mabeyaring'i ndi mano a magiya amakhala atavulala kale, ndipo mudzamva kulira kwake mukathamanga. Wogulitsa akakana kuti bawuti imeneyi imasulidwe, ine pamenepo ndimakhala ndamva zokwanira. Ndi ntchito ya mphindi zisanu.

Giyabokosi ya otomatiki ndiyo siipirira madzi ngakhale pang'ono. Oyilo wake, amene pa mitundu yambiri amakhala wofiira, amasanduka wa pinki wotuwa, ndipo madzi amamasula guluu wogwira zokutira za timbale ta kilatchi ta mkati. Kusintha oyilo pambuyo pake sikubwezeretsa zimene zamatuka.

Tsegulani bokosi la fyuluta ya mpweya. Fyuluta ya pepala imene inanyowapo imakhala yopindikapindika ndi yamabanga. Ngati ndi yatsopano, ichotseni muunike pansi pa bokosilo ndi m'paipi yopita ku injini, mufufuze mzere wa dothi. Apa ndi pofunika kwambiri chifukwa madzi safinyika. Pisitoni ikamakwera imayembekeza kupanikiza mpweya, ndipo ikapeza madzi, chimene chimagonja ndi konirodi, chitsulo chogwira pisitoni kunsi kwake: imapindika kapena kuthyoka. Injini ya dizilo ndiyo ili pangozi yaikulu, poti malo amene amatsala pamwamba pa pisitoni ikafika kumtunda ndi ochepa kwambiri, moti madzi osadzaza n'kapu yomwe akhoza kuipha. Chopweteka n'chakuti konirodi yopindika pang'ono siletsa injini kulira. Imangonjenjemera pa aidulo, kutulutsa utsi woyera ikadali yozizira, mwina kugogoda pang'ono, kufikira tsiku lina idzaboole buloko. Kuyeza kompuresheni kumaulula: silinda imodzi imatsika poyerekeza ndi zinzake. Ngati mwaona chizindikiro chilichonse cha madzi m'njira ya mpweya, musadumphe muyeso umenewu.

Pa ya dizilo, pansi pa fyuluta ya mafuta pamakhala kachikho kolekanitsa madzi. Tsanulirani pang'ono m'botolo loonekera, mudikire. Madzi amakhala pansi, dizilo pamwamba. Timadontho tochepa si tachilendo, ndiyo ntchito ya kachikhoko. Madzi ambiri kapena dzimbiri ndi nkhani ina, makamaka pa injini za common rail zimene zimapopa mafuta ndi mphamvu yofika ma bar 1,600 mpaka kupitirira 2,000, poti pampu ndi mainjekita ake amadalira dizilo yemweyo kuti asakhulane. Mafuta a mabuleki nawo mwachibadwa amayamwa chinyezi. A mtundu wa DOT 4 akakhala atsopano amawira pa madigiri Celsius osachepera 230, koma akamwa madzi malire ake amatsikira ku 155, ndipo pa mtsetse wautali mutanyamula katundu pedulo ikhoza kungomira. Kachipangizo koyezera madzi m'mafuta a mabuleki kamapezeka m'magalaja ambiri.

Musanatseke boneti, unikani m'timipata timene payipi yotsukira siifika: m'mabowo a alutaneta, kuseri kwa sitata, pamwamba pa giyabokosi, m'makwinya a mapaipi apulasitiki okutira mawaya, pansi pa batire. Udzu wouma, timitengo ndi mchenga pamalo okwera chonchi sizibwera ndi fumbi la msewu.

Kunsi ndi kumbuyo

Kunoku sindichedwako, chifukwa n'kumene matope a ntchito ndi a kusefukira amasakanikirana kwambiri. Tayala la sipeya la pikiapu limapachikidwa kunja, kunsi kwa bodi yonyamulira katundu, choncho dothi la pamenepo silinena kanthu. Koma pisani chala m'mabowo a chasisi. Chasisi chodzaza ndi dothi lolimba chimadyeka kuchokera mkati, kaya dothilo linabwera bwanji. Chenjerani ndi penti wakuda watsopano wopoperedwa paliponse, mpaka pa mabawuti, mapaipi ndi masipuling'i. Ngati bodi yakumbuyo ili ndi pulasitiki woyala, tukulani ngodya yake. Finyani m'timabowo ta pansi pa zitseko muone ngati mukutuluka matope. Nyali zakutsogolo ndi zakumbuyo zikhoza kuchita kanthunzi kochepa popanda vuto, koma mzere wa dothi mkati mwa galasi lake, kapena nyali zonse zinayi zatsopano pa galimoto yakale yosachitapo ngozi, zikufuna kufotokozedwa.

Poiyendetsa, zimitsani wailesi. Mverani kung'ung'uza kwa mabeyaring'i a mawilo kumene kumasintha mukamakhota, kulira kwa difu, kilatchi yonjenjemera ponyamuka kapena yolira mukaiponda. Pikiapu zambiri kumbuyo zili ndi mabuleki a dramu, ndipo dramu imasunga matope mkati. Handibuleki yolimba kapena yosabwerera imachokera kumeneko.

Mapepala ndi funso lolunjika

Nambala yozindikiritsa galimoto, yotchedwa VIN, kawirikawiri imakhala ndi zilembo ndi manambala 17. Onetsetsani kuti ya pa chasisi, ya pa bodi ndi ya m'mapepala ndi imodzi, kenako fufuzani mbiri yake kumene inachokera. Ku America galimoto yomira imene a inshulansi aitaya imalembedwa pa chikalata chake kuti flood kapena salvage, ndipo bungwe lolimbana ndi chinyengo cha inshulansi la NICB lili ndi tsamba la pa intaneti la VINCheck, kumene munthu amafufuza kwaulere. Pa pepala la okushoni la galimoto zochokera ku Japan, liwu loti mulifunefune ndi 冠水, lowerengedwa kuti kansui, kutanthauza kumizidwa ndi madzi. Koma mbiri yoyera siikumasulani ku ntchito ya tochi. Galimoto imene inalibe inshulansi yolipira madzi osefukira siilembedwa paliponse, mwiniwake amangoiumitsa n'kugulitsa. Ndipo alipo amene amasamutsa kalembera wa galimoto kuchoka dera lina kupita lina mpaka mbiri yoipayo itafufutika.

Mufunseni wogulitsa molunjika: kodi galimotoyi inamirapo, kapena madzi analowapo mkati? Akati ayi, muuzeni alembe zimenezo pa pepala la mgwirizano n'kusaina. Woona mtima savutika nazo.

Mukapeza mzere, muchite chiyani?

Maganizo anga ndi awa. Ngati madzi analekeza kunsi kwa zitseko, mkati muli mouma ndipo makonekita ndi oyera, imeneyo ndi pikiapu imene yawoloka madzi basi. Ikhoza kugulidwa, bola musinthe maoyilo onse a kunsi ndi mafuta a mabuleki, mupope girizi m'majoini a shafuti, muone mabeyaring'i ndi madramu. Ngati madzi analowa mpaka pansi pa mipando, pikiapu yakale ya dizilo yokhala ndi magetsi ochepa ikhoza kupulumuka m'manja mwa munthu wodziwa, koma yamakono yodzaza makompyuta sindingailangize kwa munthu amene akuidalira pa ntchito kapena kunyamula banja. Ngati anafika pa dashibodi, isiyeni, ngakhale mtengo utsike bwanji. Ndipo ngati anali madzi a m'nyanja ya mchere, msinkhu ulibenso ntchito. Mchere umatsalira m'mipata ya zitsulo ndi m'mawaya, umakoka chinyezi cha mumpweya, ndipo umapitiriza kudya ngakhale galimoto itauma. Zizindikiro zake ndi ufa woyera pa zitsulo za aluminiyamu ndi dzimbiri lochuluka kuposa zaka za galimotoyo. Pa pikiapu yoyendera batire lalikulu, yamagetsi kapena ya haibulidi, madzi amchere amatha kuyambitsa moto patapita masiku, monga zinaonekera pa galimoto zamagetsi ku Florida pambuyo pa mphepo yamkuntho ya Ian mu 2022.

Ngati mwagula kale ndipo mwazindikira mochedwa, lekani kuthamangitsa vuto limodzilimodzi. Jambulani zonse zimene mwapeza musanatsuke kanthu, chifukwa umenewo ndi umboni wanu mukafuna kubwerera kwa wogulitsa. Kenako muuzeni makaniko wa zamagetsi zoona zake, kuti asiye kusintha zipangizo mongoyerekeza. Mipando ndi kapeti zichoke, nsalu ya kunsi itayidwe poti nkhungu yake imavutitsa chifuwa, pansi paume ndithu, ndipo konekita iliyonse ya kunsi kwa mzere wa madzi itsegulidwe, batire litachotsedwa. Yongodera itsukidwe ndi mankhwala ake. Imene mano ake adyeka idulidwe, ndipo waya asendedwe chobwerera m'mbuyo mpaka pamene mkuwa ukuonekanso wowala. Mawaya okhudzitsa magetsi ku bodi amasulidwe n'kupalidwa. Kompyuta ya airbag ndi zomangitsa malamba zimene zinamira siziumitsidwa n'kubwezeredwa, zimasinthidwa ndi zatsopano, ndipo ntchito imeneyo muyambe nayo galimoto isananyamulenso munthu.